Nkhunda Zonyowa pa Denga la Mwape

Uyu ndi Mwape. Mwape amakhala ku Mtendere, mu Lusaka. Nyumba yawo ili kumtunda. Ili ndi zipinda ziwiri ndi denga la malata.

Tsiku limenelo Mwape ankafuna chinthu chimodzi chabe. Ankafuna kuona mnzake Rayyan.

Rayyan ndi mnzake wa pamtima. Kusukulu amakhala pa desiki imodzi. Rayyan ali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake ndi Safia. Safia amawatsatira kulikonse. Ukamuthamangitsa, amabweranso. Kamwana kokakamira ngati chingamu!

Koma kwawo kwa Rayyan ndi kumunsi. Nyumba yawo ili pafupi ndi mtsinje. M'chilimwe mtsinjewo ndi waung'ono. Ngakhale Safia amaudumpha. Koma ino sinali nthawi ya chilimwe.

Mvula inagwa. Inagwa, inagwa, inagwabe. Inalibe manyazi mvula imeneyo! Sukulu inatsekedwa. Magetsi anazima. Misewu inasanduka mitsinje.

Mwape anaima pakhomo. Anayang'ana kumunsi. Sanaone kanthu. Anaona mvula yokhayokha.

"Amai, nifuna kuyenda kwa Rayyan," anatero Mwape.

Amayi ake, ba Felistus, anali kutchera mabeseni pansi. Denga linali kudontha.

"Iwe Mwape! Suona mvula iyi? Khala pansi."

"Koma amai, bakhala pafupi ni mtsinje."

Amayi anasiya beseni. Anamuyang'ana.

"Nidziwa, mwana wanga. Leka nibatumire foni."

Amayi anaimbira ba Nassoro, atate ake a Rayyan. Foni sinalire. Anaimbanso. Sinalire. Anaimbira amake Rayyan. Nayonso inali zii.

"Kapena mafoni atha moto," anatero amayi. "Magetsi kulibe."

Amayi anatero ndi pakamwa. Koma nkhope yawo sinatero.

Amayi anamupatsa Mwape tiyi. Mwape sanamwe. Anamupatsa chitumbuwa. Mwape sanadye. Mwape yemweyu, amene amadya zitumbuwa mpaka amayi kubisa mbale!

Kenaka anamva kanthu padenga.

Kwe, kwe, kwe. Timiyendo pa malata.

Kukuu, kukuu.

Mwape anatuluka. Mvula inamumenya kumaso. Anayang'ana padenga. Panali nkhunda ziwiri. Zinali zonyowa. Zinali kunjenjemera. Imodzi inali yotuwa ngati phulusa. Ina inali ya mawanga.

"Kaphulusa!" anafuula Mwape. "Mawanga!"

Mwape amaweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Khola lake lili pamwamba pa mtengo wautali. Kaphulusa ndi Mawanga zinabadwira m'khola limenelo. Koma sizinalinso zake. Chaka chatha anazipereka kwa Rayyan.

Aliyense woweta nkhunda ku Mtendere amadziwa izi. Ukapatsidwa nkhunda, umazitsekera. Ukazitsegulira msanga, zimabwerera kwawo kwakale. Umadikira mpaka ziikire mazira. Zikaswa ana, basi, zakhazikika. Nkhunda ya ana sichoka pakhola.

Kaphulusa ndi Mawanga zinali ndi tiana tiwiri. Mwape anationa ndi maso ake. Tinali tisanamere nthenga.

Nanga zabwereranji kuno? Zasiyiranji ana?

Mtima wa Mwape unagunda, gu, gu, gu. Mantha anamugwira. Anathamangira m'nyumba.

"Amai! Amai! Nkhunda za Rayyan zabwerera!"

"Aa, Mwape. Wanyowa manje. Ni mbalame chabe."

"Si mbalame chabe! Zili ni ana. Sizingasiye ana. Khola la Rayyan lagwa, amai!"

"Kapena zathawa mvula."

"Iyayi, amai! Iyayi!"

Mwape analira. Analira kwambiri. Amayi anamupukuta ndi chitenje. Koma misozi sinaleke.

Posakhalitsa atate anafika. Atate ake a Mwape ndi ba Wilbroad. Amanyamula katundu wa anthu pa wilibala kumsika. Tsiku limenelo wilibala inali yopanda kanthu. Msika nawo unali m'madzi.

"Nanga uyu alirira chani?" anafunsa atate.

Mwape anawagwira dzanja. Anawakokera panja. Analoza padenga.

Atate anayang'ana. Iwonso ankaweta nkhunda ali mwana.

"Ni zija unapatsa Rayyan?"

"Ee, atate."

"Zinali ni ana?"

"Ee. Tiwiri."

Atate anayang'ananso padenga. Madzi anali kutsika pachipewa chawo.

"Amake Mwape," anatero atate. "Nipatseniko chingwe chija chachitali."

Amayi anabweretsa chingwe chomangira katundu. Atate anachiika mu wilibala. Anatenganso ndodo yaitali.

"Niyenda namwe," anatero Mwape.

"Iyayi!" anatero amayi. "Mwana sayenda m'madzi aja."

"Koma atate simudziwa nyumba yawo. Ine nidziwa."

Zinali zoona. Atate anali asanafikeko. Kumunsi nyumba ndi zambiri. Tinjira take ndi tokhotakhota.

Atate anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Mwape.

"Phazi lako lisaponde pansi," anatero atate. "Wamva?"

"Namva, atate."

Amayi anatenga thumba la ufa lopanda kanthu. Analipinda ngati chipewa. Anamuveka Mwape kumutu.

"Ambuye akutsogolereni," anatero amayi.

Mwape anakwera mu wilibala. Atate anakankha. Kwii, kwii, kwii. Anayamba kutsika.

Poyamba madzi anali m'mapazi. Kenaka anafika m'maondo. Anali a matope. Anali onunkha. Zimbudzi zinali zitasefukira.

Pamadzi pankayandama zinthu. Botolo linadutsa. Mpando unadutsa. Nsapato ya mwana inadutsa. Nkhuku yakufa inadutsa. Mwape anatseka maso. Kenaka anawatsegulanso. Ankaopa kuona. Ankaopanso kusaona.

Anthu anali kukwera kumtunda. Ena anasenza matiresi. Ena anabereka ana. Mayi wina anasenza mbaula ndi mphika. Palibe amene ankaseka. Palibe amene ankapereka moni.

Mwape anayang'ana nkhope iliyonse. Uyu si Rayyan. Uyu si Safia. Uyunso si Rayyan.

Wilibala inatitimira m'matope. Atate anakankha. Inakana. Anakankhanso. Inakana.

"Basi, yafika pake," anatero atate.

Anaikoka, naimangirira pa mtengo wa mango. Chingwe chachitali anachikoleka m'khosi. Kenaka ananyamula Mwape pamapewa.

Atate anayenda pang'onopang'ono. Ndodo patsogolo, phazi pambuyo. Ndodo patsogolo, phazi pambuyo.

"Atate, fulumirani!"

"Iyayi, mwana wanga. Kuno kuli visime. Kuli ngalande. Madzi abisa vonse. Ukaponda molakwa, wamira."

Pomwepo ndodo inalowa, nyomi! Sinapeze pansi. Atate anabwerera m'mbuyo. Anazungulira. Mwape anagwira mutu wa atate zolimba. Sananenenso kuti fulumirani.

"Khotani apa, atate. Manje uku. Nyumba yawo ili ni chitseko cha buluu."

Phokoso linakula. Wooo! Wooo! Unali mtsinje. Mtsinje uja Safia amadumpha. Tsopano unali waukulu. Unali waukali. Kamlatho kamatabwa kanali katapita.

"Ni apa," anatero Mwape.

Mawu ake anatuluka aang'ono.

Kalanga ine! Nyumba panalibe. Khoma limodzi linali litagwa. Lina linali litapendekeka. Malata anali atapindika. Chitseko cha buluu chinagona m'madzi. Mtengo wa khola la nkhunda unali utathyoka. Khola linali m'matope, chadodolido.

"Rayyan!" anaitana Mwape.

Palibe anayankha.

"Safia!"

Palibe anayankha.

"Ba Nassoro!" anaitana atate ndi mawu aakulu.

Mtsinje wokha ndi umene unayankha. Wooo!

Chapafupi panali mayi wina. Anakhala pamwamba pa mpanda wa mabuloko. Anafungata wailesi yake. Mwape anawadziwa. Anali ba Ketty, oyandikana nawo nyumba a Rayyan.

"Ba Ketty!" anatero Mwape. "Rayyan ali kuti?"

Ba Ketty anapukusa mutu.

"Mwandi, sinidziwa. Madzi anabwera mbandakucha. Anabwera ngati wakuba. Aliyense anathawa yekha."

"Simunabaone?" anafunsa atate.

"Ninamva Safia alira. Ninamva khoma ligwa. Basi. Sininamvenso kanthu."

Mwape anazizidwa thupi lonse. Anaika nkhope pachipewa cha atate. Chisoni chinamukuta.

"Yesani ku tchalitchi chija cha pamtunda," anatero ba Ketty. "Bambiri bathawira kumeneko."

Atate anatembenuka. Ndodo patsogolo, phazi pambuyo. Anakwera mpaka ku tchalitchi.

M'tchalitchi munali modzaza. Anthu anakhala pa mabenchi. Ena anagona pansi. Makanda anali kulira. Munkanunkha zovala zonyowa.

Apa panali pouma. Atate anamutsitsa Mwape. Mwape anayenda pakati pa anthu. Anasuzumira pansi pa mabenchi. Anasuzumira m'mabulangete.

Kenaka anaona kamtsikana. Kanafulatira. Kanavala mpango wachikasu kumutu. Safia ali ndi mpango wotero!

"Safia!"

Mwape anathamanga. Anakagwira paphewa. Kamtsikana kanacheuka.

Sanali Safia.

"Pepa," anatero Mwape.

Pakhomo panaima anyamata atatu. Anavala tizipewa toyera. Anachokera kumzikiti. Ba Nassoro amapemphera nawo.

"Tifuna ba Nassoro, atelala," anatero mmodzi. "Kumzikiti kulibe. Tinaganiza kuti bali kuno."

"Ife tinaganiza kuti bali kwanu," anatero atate.

Kumzikiti kulibe. Ku tchalitchi kulibe. Kunyumba kulibe. Nanga ali kuti?

Palibe amene anatchula mtsinje. Koma aliyense anauganiza.

Atate anagwada. Anagwira mapewa a Mwape.

"Mwana wanga, wazizidwa. Tiye kunyumba."

"Iyayi, atate."

"Akuluakulu bazafunafuna."

"Chonde, atate. Tibwerere kamodzi chabe. Kamodzi chabe."

Atate anapuma mwamphamvu. Anali atatopa. Miyendo inali kuwawa. Koma anawerama.

"Kwera," anatero.

Anyamata a kumzikiti anawatsatira. Anatsikanso kumunsi. Mvula inayamba kuchepa. Inasanduka yowaza. Kumwamba kunayera pang'ono.

Anafikanso pa nyumba yakugwa ija. Ba Ketty anali pomwepo pampanda. Anyamata anatukula malata. Anatukula chitseko. Anapeza chikho. Anapeza lumo la ba Nassoro. Munthu sanamupeze.

Mwape sanafune kuyang'ana pansi. Ankaopa. Choncho anayang'ana kumwamba.

Kumwamba kunali nkhunda. Zinali nkhunda zina za Rayyan, zobadwira konkuno. Izi zinalibe kwawo kwina kothawira. Zinali kuzungulira. Zinazungulira, zinazungulira. Kenaka zinatsika.

Zinatsikira cha kumunsi, kuseri kwa mpanda wautali. Kumeneko kunali nyumba yosatha kumanga. Madzi anaizungulira mbali zonse.

Nkhunda zinaulukanso. Zinazungulira. Zinatsikiranso pomwepo.

Mwape anakoka khutu la atate.

"Atate, onani! Nkhunda!"

"Naziona. Zifuna pouma."

"Madenga ouma ni ambiri. Nanga bwanji zitera paja pokha? Nkhunda zitera pamene pali mwini wake!"

Atate anayang'anitsitsa. Anyamata anasiya malata.

"Ba Nassoro!" anaitana onse pamodzi.

Mtsinje unameza mawu awo.

Mwape anaika zala ziwiri m'kamwa. Anyamata oweta nkhunda amadziwa likhweru limeneli. Ndi loitanira nkhunda zili kutali. Ndi lakuthwa kuposa mawu.

Fyooo!

Anamvetsera. Wooo, unatero mtsinje.

Milomo ya Mwape inali yozizira. Anainyambita. Anakoka mpweya wambiri.

Fyooo! Fyooo!

Anamvetseranso. Aliyense anagwira mpweya.

Ndiye kutali, kuseri kwa mpanda, kunamveka kanthu. Kanali kakang'ono. Kanali kofooka.

Fyoo.

"Ni Rayyan!" anakuwa Mwape. "Ni Rayyan! Ali moyo!"

"Mayo ine!" anatero ba Ketty. Wailesi inatsala pang'ono kugwa.

Atate anamukhazika Mwape pampanda. Ba Ketty anamugwira m'chiuno.

"Usasunthe," anatero atate.

Atate anamanga chingwe pa mtengo waukulu. Mbali ina anadzimanga m'chiuno. Anyamata anagwira chingwe. Amuna ena anabwera. Nawonso anagwira.

Atate analowa m'madzi akuya. Ndodo patsogolo, phazi pambuyo. Madzi anafika m'chiuno. Madzi anafika pachifuwa. Madzi anawakankha. Atate anapendekeka. Chipewa chawo chinagwa, n'kupita ndi madzi.

"Atate!" analira Mwape.

"Gwirani chingwe!" anakuwa anyamata.

Atate anaimanso. Anayenda. Anafika pampanda wautali. Anakhota. Sanaonekenso.

Mwape anadikira. Anadikira. Anadikirabe. Chingwe chinali kugwedezeka. Tsopano ankaopera Rayyan. Ankaopera Safia. Ankaoperanso atate ake. Ba Ketty anali kupemphera chapansipansi.

Kenaka mutu wa atate unatulukira. Kumsana kwawo kunali kanthu. Timanja tiwiri tinagwira khosi lawo.

"Safia!"

Mnyamata wina anamulandira Safia. Anamupereka kwa ba Ketty. Safia sanalire. Sanalankhule. Maso okha anali tong'o.

Atate anawolokanso, namangirira chingwe tsidya lija. Tsopano chinali ngati njira. Anyamata anachigwira, nawoloka nawo.

Anabwera ndi Rayyan. Anabwera ndi amake Rayyan. Pomaliza anabwera ndi ba Nassoro. Ananyamulidwa ndi anthu atatu. Mwendo wawo unali womanga ndi nsalu. Lata linawacheka pothawa.

"Tinakwera pamwamba pa nyumba ija," anatero amake Rayyan. Mawu awo anali osasa. "Tinaitana, tinaitana. Palibe anatimva."

Anamukhazika Rayyan pampanda, pafupi ndi Mwape. Milomo yake inali yotuwa. Mano anali kugundana. Mwape anavula thumba la ufa lija. Anamuveka mnzake.

Anangoyang'anana.

"Tiana tafa," anatero Rayyan.

"Nidziwa."

"Ninatsegula khola kuti zikulu ziuluke. Tiana sininakwanitse. Ninali ninagwira Safia. Sininafune kumutaya."

Rayyan anayamba kulira. Mwape nayenso analira. Anamukumbatira mnzake. Onse anali onyowa. Onse anali a matope. Panalibe woseka mnzake.

Ba Nassoro anayang'ana pomwe panali nyumba yawo. Makina awo osokera anali atapita. Nsalu za anthu zinali zitapita. Mabedi anali atapita. Ba Nassoro anaweramitsa mutu. Kenaka anayang'ana ana awo. Anawagwira pamutu, mmodzi ndi mmodzi.

Anthu anayamba kukwera kumtunda. Ba Ketty nawo anavomera kutsika pampanda. Pa mtengo wa mango wilibala inali kudikira. Anawagoneka ba Nassoro mmenemo. Kwii, kwii, kwii, mpaka ku kiliniki. Anamwino anatsuka bala. Analimanga bwino. Anawapatsa mankhwala.

Atatuluka, amake Rayyan anaima pamsewu. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Manje tizayenda kuti?" anafunsa.

"Tiyeni," anatero atate. Anangokankha wilibala.

Kunyumba, amayi ake a Mwape anali pakhomo. Anali ataima pomwepo chichokere atate ndi Mwape. Atawaona, anathamanga opanda nsapato.

"Ambuye Yesu! Bali moyo! Bali moyo!"

Anamunyamula Safia. Anamupsompsona Mwape. Anamukumbatira Rayyan. Anakalipira atate chifukwa chochedwa. Kenaka anawakumbatira iwonso.

Koma amake Rayyan anaima pakhomo. Sanalowe. Anaona kuti zipinda ndi ziwiri chabe.

"Amake Mwape, tizakupanikizani," anatero. "Tilibe kanthu. Tilibe ngakhale nyumba."

"Aa! Nanga iyi si nyumba?" anatero amayi. "Lowani, mwandi. Mufuna nikunyamuleni?"

Amake Rayyan anaseka pang'ono. Misozi inali kutsika. Analowa.

Amayi anayatsa mbaula. Anatenthetsa madzi. Aliyense anasamba ndi sopo. Amayi anakhula miyendo ya ana mpaka kuwawa.

"Amai, muzanisenda khungu!" anatero Mwape.

"Khala chete. Madzi aja ni a matenda."

Rayyan anavala juzi ya Mwape ya kusukulu. Safia anafunda chitenje cha amayi. Ba Nassoro anavala malaya a atate. Anawakulira kwambiri. Manja anabisika.

"Telala mwini wake avala vosamukwana!" anatero atate.

Ba Nassoro anamwetulira koyamba.

Amayi anathira tiyi. Makapu sanakwane. Mwape ndi Rayyan anamwera kapu imodzi.

"Alhamdulillah," anatero ba Nassoro.

"Ameni," anatero amayi.

Safia anadya chitumbuwa. Anadyanso china. Kenaka anatambasula dzanja.

"Nifunanso," anatero.

Aka kanali koyamba kuti alankhule. Amake anamufungata zolimba.

Chakumadzulo mitambo inadanso. Mvula inayambanso. Tho, tho, tho pa malata. Kenaka waaa!

Rayyan anadzidzimuka. Anakhala tsonga pamphasa. Anagwira dzanja la Safia. Maso ake anali pansi pa chitseko. Anali atatopa kwambiri. Mutu unkagwa. Koma ankaudzutsanso. Ankaopa kuti madzi alowa.

Mwape anamuona. Anasendera pafupi. Anakoka bulangete, nafunda onse atatu.

"Rayyan, gona."

"Nanga madzi akabwera?"

"Kuno safika. Kuno ni kumtunda."

"Nanga akafika?"

"Ine nizayang'ana chitseko. Nikaona madzi, nizakuutsa. Gona."

Rayyan anamuyang'ana Mwape. Anayang'ana chitseko. Anayang'ananso Mwape. Pang'onopang'ono maso anatsekeka. Mutu wake unagwera paphewa la Mwape. Safia anagona pamiyendo pa Mwape.

Mvula inagwabe. Rayyan anapuma mofatsa. Safia anapuma mofatsa.

Phewa la Mwape linayamba kuwawa. Dzanja linachita dzanzi. Miyendo nayo inachita dzanzi.

"Mwape," ananong'ona amayi. "Leka nibagoneke bwino. Watopa."

"Iyayi, amai," ananong'ona Mwape. "Bangauke."

Mwape sanasunthe. Anayang'anabe chitseko. Anzake anagona tulo.